Zaka Makumi Anayi Kumbuyo kwa Mwana wa Kalaliki

Ndinali ndi zaka makumi awili ndi chimodzi pamene ananditcha wachinyengo pamaso pa atate anga. Masiku amenewo ndinali wothamanga wodziwika ku Kalindawalo konse. Ndinkachoka kumudzi wopanda nsapato, kukagula mchele kapena palafini ku Petauke, n'kubwelako dzuwa lisanafike pamutu. Choncho atalengeza za mpikisano wosankha mnyamata mmodzi wokaimila boma lathu ku Chipata, anthu a kwathu sanakayikile kuti wopitayo ndi ine. Atate, amene sankakonda zamasewela, anapopa njinga yawo n'kunena kuti akaonela okha.

Mpikisanowo unachitikila cha ku Sasare, pa msewu wafumbi wozungulila phili. Tinayamba tili ambili, koma titafika kuseli kwa phililo tinatsala awili: ine patsogolo, kumbuyo kwanga mwana wa kalaliki wa pa boma. Banja lawo linachokela ku chigawo china, bambo ake atatumizidwa kudzagwila ntchito kuno. Anali wamtali, wa nsapato zoyela ndi masokosi ofika m'mawondo. Ndinkamva mapazi ake akutsalila pang'onopang'ono, kenako ndinangomva zii. Nditacheuka ndinamuona akukhotela m'kanjila ka amai otola nkhuni, kodutsa pakati pa maenje akale a mgodi. Ndinakuwa koma sanacheuke. Ine ndinazungulila phili lonse monga anatiuzila, ndipo nditafika pomalizila ndinampeza atakhala kale pampando, akumwa madzi a shuga.

Ndinathamangila kwa akuluakulu oyang'anila mpikisano, mpweya uli pakhosi, mawu osatuluka bwino. Mwana wa kalaliki uja anandiyambilila. Anaimilila n'kufotokoza m'Chingelezi chosalala kuti wandiona ine ndikulowa kanjila kachidule, koma ndasochela m'thengo, n'chifukwa chake wandipitilila. Analoza miyendo yanga. Inalidi yokandikakandika, poti munthu wopanda nsapato amathawa miyala ya pakati pa msewu n'kumathamanga m'mbali mwa zitsamba. Akuluakulu aja ankamwa tiyi ndi bambo ake masiku onse. Anafufuta dzina langa, ndipo mmodzi analengeza mokweza kuti mnyamata wa ku Kalindawalo wachotsedwa chifukwa cha chinyengo.

Pobwelela atate sanakwele njinga. Ankaikankha, ine ndikutsatila pambuyo. Tili pafupi ndi kwathu anati, "Ukanangogonja, mwana wanga, sindikanadandaula."

"Atate, si ine."

"Basi, zatha."

Anamwalila patapita zaka zisanu ndi zitatu osaitchulanso nkhaniyo, ndipo sindidziwa chimene ankakhulupilila. Ine ndinasiya kuthamanga. Ndinalima thonje ndi nsawa, ndinakwatila, tinalela ana asanu. Koma pamudzi dzina linandikakamila. Pamowa, pamalilo, ngakhale pokambilana za malile a minda, sipankalephela wina wonena kuti, "Samalani, awa ndi odula njila." Ankaseka, ine n'kumasekanso nawo mano okha. Mwana wa kalaliki uja anapita ku Chipata, kenako ku Lusaka, kenako analembedwa ntchito kumigodi chifukwa cha miyendo yake. Kamodzi ndinaona chithunzi chake papepala la nyuzi limene anandikulungilamo misomali.

Patadutsa zaka makumi anayi ndinapita ku Nyimba kukaona mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino kumeneko. Ndinaima pamsewu waukulu kugula nthochi, ndipo ndinaona nkhalamba ya imvi, ya malaya ofiila, ikubwela chothamanga m'mbali mwa tala. Nkhope sindinaizindikile, koma dzanja lamanzele limene linkaponyedwa kunja ngati la munthu wofesa mapila ndinalidziwa nthawi yomweyo. Amai ogulitsa nthochi anandiuza kuti bamboyo anapuma pantchito n'kumanga nyumba ku Nyimba, ndipo amapitabe kumizinda kukathamanga mipikisano ya makilomita makumi anayi ndi awili, n'kumagonjetsa achikulile anzake.

Anaima kuti apume, ndipo ndinampatsa moni. Anandiyang'ana nthawi ndithu, kenako anawomba m'manja.

"Aa, ndinu aja a ku Sasare! Mukadali kudula njila, bambo?"

Anaseka, anandisisita pamimba pamaso pa amai aja, n'kunena kuti nsawa zandikonda. Kenako anapitiliza ulendo wake. Ndinatsala nditagwila phava la nthochi, makutu akutentha. Tsiku lomwelo ndinamva kuti amalonda a ku Nyimba amakonza mpikisano wautali chaka chilichonse m'nyengo yozizila, ndipo pali gulu la opitilila zaka makumi asanu ndi limodzi, limene iyeyo sanagonjepo.

Ndinauza mwana wanga kuti ndikufuna kuyambanso kuthamanga. Anandimanga lamba wake woyezela magazi pamkono, napopa, nawelenga, n'kupukusa mutu. Anati magazi anga akuthamanga kwambili, ndipo ndikulemela ngati thumba la chimanga ndi theka.

"Mukufuna kuthamangitsa chiyani, atate, pamsinkhu wanuwu?"

"Thanzi."

Sanandikhulupilile, komabe anandilembela papepala kuti ndiyambe ndi kuyenda miyezi iwili, ndichepetse mchele ndi mowa. Ine ndinafika kumudzi n'kudzuka m'mamawa kuthamanga ngati kale. Sindinafike n'komwe pamjigo. Ndinasanza m'munda wa eni ake, chifuwa chikuwotcha, maso akuona tinyenyezi. Akazi anga anandipeza nditakhala pachulu. Iwowa ndiwo okha amene ndinawauzapo zoona za ku Sasare tisanakwatilane, ndipo sanafunse zambili. Anangoti, "Ngati ndi bambo uja mukumufuna, mvelani pepala la mwana. Mukafela panjila adzabwela kudzadya nyama pamalilo anu."

Ndinamvela pepalalo. Ndinayenda miyezi iwili, kenako kuyenda n'kumathamangako pang'ono. Mwana wanga akabwela kumudzi ankandifotokozela za thupi la nkhalamba ngati akuphunzitsa mwana wa sukulu. Anati mtima wa munthu wamkulu uli ndi polekezela pa kugunda kwake, ndipo polekezelapo pamatsika chaka ndi chaka, palibe mankhwala ake. Koma ukauzoloweza ntchito yaitali yosafulumila, umayamba kukankha magazi ambili pa kugunda kumodzi, ndiye sufunikanso kufulumila. Anandiphunzitsa kugwila mtsempha wa padzanja ndikangodzuka, ndisanatsike pabedi. Ndikapeza kuti ukugunda mofulumila kuposa masiku onse, ndiye kuti thupi silinachile, tsikulo ndisathamange.

Kupuma ndiko kunandivuta kuposa kuthamanga. Ndili mnyamata ndinkagona usiku umodzi n'kudzuka watsopano. Tsopano ndikathamanga mwamphamvu Lachiwili, ntchafu zinkadandaula mpaka Lachisanu. Mwezi wina mkwiyo unandipusitsa. Ndinamva kuti mwana wa kalaliki wabwelanso ndi chikho kuchokela ku Lusaka, ndipo ndinathamanga masiku asanu ndi awili otsatizana pa zitunda. Tsiku lachisanu ndi chitatu mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene unatupa ngati chala chachikulu. Ndinakhala milungu isanu ndi umodzi ndikutsimphina, ndikusenda nsawa pakhonde ndi akazi anga, ndikumutukwana bambo uja mumtima ngati ndiye wandiponda.

Nditachila ndinasintha. Masiku ambili ndinkathamanga mwapang'onopang'ono, moti ndinkatha kuimba nyimbo ya kutchalitchi osabanika. Anthu opita kuminda ankaseka kuti kuthamanga kwanga n'chimodzimodzi ndi kuyenda kwa mkazi wochedwa kuchigayo. Kamodzi pamlungu ndinkakwela chitunda cha kuseli kwa sukulu mwamphamvu, kutsika choyenda, kukwelanso, mpaka kasanu ndi kamodzi. Mwana wanga anati minofu ya nkhalamba imasungunuka yokha ngati suipatsa cholemela, choncho ndinkasenza thumba la nsawa pamapewa n'kumanjuta, kuimilila, kunjutanso, kuseli kwa nkhokwe kumene anthu sangandione. Mazila a nkhuku zathu tinasiya kugulitsa. Ndinkadya awili tsiku lililonse, pamodzi ndi nyemba ndi kapenta. Nsapato ndinakazipeza pa salaula ku Petauke, pamulu wa zovala zakale, zazikulu pang'ono kuti zala zikatupa zipeze malo.

Loweluka linali la ulendo wautali. Tinkalowela msewu woipa wopita ku Sandwe, ine pansi, akazi anga panjinga, atamanga chigubu cha madzi othila mchele pang'ono ndi shuga, ndi nthochi m'chitenje. Ankandimwetsa ndisanamve ludzu, poti mwana anawauza kuti munthu wamkulu amachedwa kumva ludzu, akamalimva ndiye kuti wauma kale. Pa maulendo amenewo sitinkayankhulana kwambili. Ndikayamba kukoka miyendo ankangoti, "Akukusisitani pamimba uko," ine n'kuwongoka.

Chaka choyamba sindinalembetse. Ndinapita kukaonelela, nditavala chipewa chachikulu, ndipo ndinatsatila mpikisano wonse panjinga. Ndinaona zinthu ziwili. Bambo uja ankanyamuka ndi anyamata, poti sankafuna kuti aoneke nkhalamba pamaso pa anthu a pamsika. Ndipo pa matebulo a madzi ankadutsa osamwa, akukweza dzanja monyada. Pobwelela, atadutsa makilomita makumi atatu, miyendo yake inkafupika, mutu n'kugwela kumbuyo. Ankapambana chifukwa achikulile anzake anali ofooka kuposa iye. Ndinabwelela kwathu ndikuimba mluzu.

Chaka chachiwili ndinalembetsa, ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Mimba inali itapita, ndipo lamba wa mwana wanga sankamupukusitsanso mutu. M'mawa wa mpikisano kunali kozizila moti mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa. Njila inali ya pa tala, kuchoka ku Nyimba kulowela cha ku Petauke, kukatembenukila pa mgolo wopakidwa laimu n'kubwelela. Ndinakankhana ndi anthu mpaka ndinaima pambali penipeni pa bambo uja.

"Imwe bambo, mwasochela? Oonelela aima uko," anatelo.

Ndinayankha mokweza kuti anyamata onse amve. "Lelo muona msana wanga kuyambila pano mpaka pomaliza."

Anyamata anakuwa mosangalala. Wenzulo italila ndinanyamuka ngati ndaba nkhuku, ndipo ndinamutsogolela mpaka kutuluka m'misika. Ndinkadziwa kuti sapilila zimenezo. Anandidutsa akupuma mwaukali, n'kukalowa m'gulu la anyamata akutsogolo, akucheukacheuka. Atangokhota pakona ine ndinabweza liwilo, n'kubwelela ku kuthamanga kwanga kwa mkazi wa kuchigayo. Achikulile ena awili anandipitilila. Ndinawasiya apite.

Pa tebulo lililonse ndinkamwa. Akazi anga anali atandimangila kabotolo ka madzi a mchele m'chiuno. Ndisanafike pa mgolo uja ndinakumana naye akubwelela kale, nkhope itayela ndi mchele wa thukuta. Anandikwezela dzanja.

"Limbikani, bambo! Msana uja uli kuti?"

Ndinayamba kuwelenga mapolo a magetsi kuchoka pamene tinakumanapo kukafika pamgolo, ndipo ndinapeza kuti wanditsogolela ndi mtunda waukulu kuposa umene ndinkayembekeza. Mantha anandigwila. Miyendo inkafuna kufulumila, koma ndinaikaniza.

Dzuwa linakwela. Ndinadutsa achikulile awili aja, mmodzi akuyenda, wina atakhala pamwala akuvula nsapato. Pa makilomita makumi atatu thupi langanso linayamba kukana. Ntchafu zinauma ngati nkhuni, chala chachikulu chinkabaya pa sitepe iliyonse, ndipo mumutu munabwela maganizo akuti ndikhale pansi pang'ono chabe. Ndinadya nthochi imene mai wina anandipatsa, ndinamwa madzi anga, n'kumaika maso pa mzele woyela wa m'mbali mwa msewu. Ndinakumbukila tayala lakumbuyo la njinga ya atate likuzungulila patsogolo panga tsiku lija, ndipo maganizo okhala pansi anachoka.

Malaya ofiila ndinawaona pa chitunda chachitali, kutatsala makilomita asanu ndi atatu. Ankathamanga pang'ono, kuyenda, kuthamanganso. Sindinafulumile. Ndinamuyandikila pang'onopang'ono mpaka ndinafika kumbuyo kwake, pafupi moti ndikanatha kumugwila malaya. Pamenepo ndinakhala. Ndinkaponda mwamphamvu dala kuti azimva. Anacheuka, maso ake anatuluka. Anawonjezela liwilo, ine ndinawonjezelanso. Anachepetsa, ine ndinachepetsa. Akathawila kumanja kwa msewu ndinkamutsatila komweko. Ndinali ndi mphamvu zomudutsa, koma sindinadikile zaka zonsezo kuti zithe m'kamphindi.

Tinayenda choncho makilomita atatu. Kupuma kwake kunasanduka kulila kwa chitseko chadzimbili.

"Pitani, bambo," anatelo osacheuka.

"Ayi, ndikukupelekezani. Mungasochele m'thengo."

Anayesanso kuthawa, ndipo uko kunali kulakwa kwake komaliza. Minofu ya kumbuyo kwa ntchafu inakokana. Anakuwa, anagwila mwendo ndi manja awili, anadumpha kawili n'kugwa chokhala m'mbali mwa tala. Ndinaima patsogolo pake. Milomo yake inali yosweka. Analoza kabotolo ka m'chiuno mwanga.

"Ndipatseniko madzi."

Munali mutatsala madzi pang'ono. Chapatsogolo panali tebulo, ndipo amai awili anali atayamba kale kuthamangila kwa ife ndi ndowa. Ndinatsegula kabotoloko, ndinamwa onse iye akuona, ndinatseka bwinobwino, n'kupitiliza ulendo. Makilomita asanu otsalawo anali opweteka kuposa chilichonse chimene thupi langa linamvapo, koma ndinawathamanga ndikumwetulila.

Ndinafika woyamba pa gulu la achikulile. Anandipatsa bulangeti ndi thumba la feteleza, anthu akuwomba m'manja, ena akufunsana kuti nkhalamba imeneyi yachokela kuti. Mwana wanga anandigwila dzanja kuwelenga mtsempha, n'kunena kuti tipite kunyumba ndikagone miyendo ili m'mwamba. Ndinakana. Ndinapempha mpando, ndinauika pafupi ndi mzele womalizila, ndinadzifunditsa bulangeti langa n'kukhala.

Ndinadikila maola awili. Anthu anabalalika, oimba ng'oma anapita, amuna awili anayamba kugwetsa tenti. Kenako anatulukila, akuyenda, akukoka mwendo, malaya ofiila ali paphewa. Anakana kukwela galimoto yotola otopa, ndipo zimenezo ndimamupatsa ulemu wake. Atadutsa mzele ndinaimilila movutika n'kumutsekela njila.

"Bambo, ku Sasare anadutsa m'maenje ndani?"

"Zakale zimenezo. Tinali ana."

"Ndafunsa kuti ndani."

Anayang'ana akazi anga, anayang'ana mwana wanga, kenako pansi. "Ndine."

Anamva ndi anthu asanu okha: banja langa, amuna a tenti aja amene sankadziwa n'komwe nkhani yake, ndi mai mmodzi wogulitsa nthochi. Ndinamuuza kuti abweleze mokweza. Sanabweleze. Akazi anga anandikoka mkono n'kuti, "Zakwana, tiyeni," ndipo ndinawatsatila.

Masiku atatu otsatila ndinagona kwa mwana wanga. Potsika masitepe a pakhonde ndinkatsika chambuyo, nditagwila khoma. Zikhadabo ziwili zinada n'kuyamba kuchoka. Nkhani ya kabotolo inali itafika kale kuntchito kwake kudzela mwa amai a ndowa aja, ndipo anakhala masiku awili akundipatsa chakudya osandiyankhula. Tsiku lachitatu anabwela ndi beseni la madzi ofunda ndi bandeji, n'kukhala pansi kutsuka zala zanga.

"Munthu wouma chonchija amatha kukomoka osadzukanso, atate. Mukudziwa?"

"Amai aja anali pafupi. Ndinawaona."

"Akanakhala kuti palibe, mukanampatsa?"

Ndinaganiza nthawi yaitali, poti sindinkafuna kumunamiza. Ndinayesa kudziona ndikumupatsa kabotoloko, koma chithunzicho chinkakana kubwela.

"Sindikhulupilila," ndinatelo.

Anamanga bandeji mothina kuposa mmene inkafunikila, anakhuthula madzi kuseli kwa nyumba, ndipo masana anatipelekeza ku basi ya ku Petauke atanyamula yekha thumba la feteleza pamutu. Basi ili pafupi kunyamuka anagogoda pazenela n'kuuza amai ake kuti milungu itatu ndisathamange, ndipo ndikakana abise nsapato.